Mphindi Zimene Timazipeputsa pa Makina a mu Labotale

Ndakhala ndikugwira ntchito mu labotale ina muno mu Mzuzu kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi kuyeza madzi, dothi ndi zakudya zimene anthu amabweretsa kuti adziwe zimene zili m'kati mwake. Alimi a khofi ndi a chimanga amabwera ndi dothi m'timajumbo pofuna kudziwa chimene munda wawo ukusowa, okumba mijigo amabwera ndi mabotolo a madzi, ndipo ophunzira a m'makoleji amabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi iwiri kapena itatu. Zimene ndikulemba pano ndaziona ndi maso anga m'chipinda chimenecho, ndipo zonse zikuloza ku chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa mtendere. Pafupifupi ngozi iliyonse imene ndaiona kapena imene inangotsala pang'ono kutichitikira inabwera m'mphindi zochepa makina asanayatsidwe, kapena m'mphindi zochepa atangozimitsidwa, kapena pamene magetsi azima mwadzidzidzi. Nthawi zimenezi ambirife timaziona ngati si mbali ya ntchito, chifukwa maso athu amakhala pa manambala amene makinawo atipatse, ndipo manambalawo akangotuluka mtima umakhala utapita kale kunyumba.

Ndiyambe ndi centrifuge, imene imazungulitsa timachubu mwaliwiro kuti zolemera zikhazikike pansi, chifukwa ndi makina amene aliyense amaganiza kuti wawadziwa tsiku loyamba lomwe. Unali m'mawa wina m'mwezi wa Julaye, kunja kukuzizira ndi kamvula kamawawa kamene anthu a kuno tinakazolowera, pamene mtsikana wina amene anali atangotha masabata awiri pa maphunziro ake anaika timachubu tisanu ta dothi losungunula m'makinawo, n'kutseka chivindikiro ndi kudina batani. Ine ndinali kumbali ina ya chipinda ndikutsuka mabotolo. Poyamba ndinamva kulira kwa masiku onse, koma posakhalitsa phokoso linasintha, tebulo linayamba kunjenjemera, ndipo makina aja anayamba kusendera m'mphepete mwa tebulo ngati kuti wina akuwakankha. Mtsikana uja anatambasula manja kuti awagwire. Ndinafuula kuti, "Achemwali, musagwire, zimitsani pakhoma!" Anazimitsa, ndipo tonse tinaima chapatali mpaka phokoso litatheratu. Titatsegula tinapeza kuti timachubu titatu tinali mbali imodzi, tiwiri mbali inayo, ndipo kamodzi kanali katasweka m'munsi.

Iye ali njenjenje anati, "Abwana, ine ndimaona ngati kachubu kamodzi si kanthu." Sindinamukalipire, chifukwa cholakwa chachikulu chinali changa. Ndinamusonyeza batani loyatsira, koma sindinamufotokozere chifukwa chake timayeza timachubu pa sikelo tisanatiike. Ndinatenga pepala n'kumuwerengera. Makina akamazungulira maulendo 4,000 pa mphindi imodzi, ndipo kachubu kali pa mtunda wa masentimita 15 kuchokera pakati, galamu imodzi yokha imakoka ngati makilogalamu oposa awiri ndi theka. Kachubu kamodzi kodzaza kakasowa mnzake mbali inayo, ndiye kuti chitsulo chozunguliracho chikukokedwa mbali imodzi ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu ambirimbiri, ndipo mbali yokokedwayo ikusintha kambirimbiri pa sekondi iliyonse. N'chifukwa chake timachubu timaika tiwiritiwiri moyang'anizana, tolemera mofanana, ndipo ngati chiwerengero sichikukwanira timadzaza kachubu kena ndi madzi kuti kakhale kamnzake ka kotsalako. Kuyerekeza ndi maso sikukwanira, chifukwa dothi losungunula limalemera kuposa madzi ngakhale zonse zitafika pa mzere umodzi.

Chimene chimandiopsa kwambiri pa centrifuge ndi chivindikiro. Makina atsopano amadzitseka okha mpaka ataima, koma akale ena amalola munthu kutsegula akuzungulirabe, ndipo ndaonapo anthu akuimitsa chozunguliracho ndi chala kapena ndi cholembera pofuna kupulumutsa masekondi ochepa chabe. Anzathu a m'malabotale a m'zipatala, amene amazungulitsa magazi ndi zina zochokera m'thupi la wodwala, ali ndi chifukwa china chodikirira. Kachubu kakasweka m'kati makina akuyenda, madziwo amasanduka timadontho tosaoneka touluka mu mpweya, ndipo wotsegula msanga amatipuma. Malangizo ake ndi akuti makinawo azimitsidwe ndipo akhale chitsekere kwa mphindi 30 kuti timadonthoto tikhazikike, kenako magalasi osweka achotsedwe ndi chopanira, osati ndi zala, munthu atavala magolovesi olimba. Theka la ola limaoneka lalitali pamene kunja kuli anthu akudikira zotsatira, koma palibe njira yachidule imene ndingailangize.

Pa autoclave, makina ophera tizilombo pa ziwiya ndi nthunzi yotentha yopanikizidwa, pali nkhani imene imatikhudza ife a kuno kumapiri kuposa anzathu a m'mphepete mwa nyanja. Mabuku amati tizilombo timafa bwino pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, ndipo amati kutentha kumeneku kumafikika geji yoyeza kupanikizika kwa nthunzi ikaonetsa 15 psi. Zimenezi ndi zoona pa malo otsika, ofanana ndi nyanja yamchere. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, moti madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100. Amayi amene anaphikapo nyemba ku Nkhata Bay n'kudzaphikanso kuno angakuuzeni kuti za kuno zimachedwerako kupsa. Pa chifukwa chomwechi, autoclave yokhala ngati poto wophikira ndi nthunzi, imene imadalira geji yokha, ikafika pa 15 psi kuno kutentha kwa m'kati kumakhala kutaperewera ndi madigiri awiri kapena atatu. Munthu akhoza kutulutsa mbale zimene munamera mabakiteriya poganiza kuti zonse zafa, n'kuzipereka kwa wotsuka. Choncho tiyenera kuyang'ana kutentha kwenikweni, osati geji yokha, ndipo tisamakhulupirire kwambiri tepi yomata pa katundu imene imasintha mtundu, chifukwa imangotiuza kuti katunduyo anatenthedwa, osati kuti anatenthedwa mokwanira ndi kwa nthawi yokwanira.

Koma kupsa kwenikweni pa autoclave kumachitika potsegula. Geji iyenera kubwerera pa ziro, kutentha kutsike kufika pansi pa madigiri 80, ndipo munthu aime kumbuyo kwa chitseko n'kutsegula pang'ono kuti nthunzi ituluke isanamupeze kumaso. Mabotolo a madzi asadzazidwe kupitirira magawo awiri mwa atatu ndipo zotsekera zake zikhale zomasula pang'ono, apo ayi amaphulika. Ngakhale atatuluka bwinobwino, madzi a m'botolo akhoza kukhala otentha kupitirira mlingo wowirira koma ali phee, ndipo ukangoligwedeza botololo amafufuma nthawi yomweyo n'kukhuthukira pa dzanja. Jiki asalowe mu autoclave ngakhale pang'ono, chifukwa akatenthedwa amatulutsa mpweya wa chlorine ndipo amadya chitsulo cha makinawo.

Makina amene ndimawapatsa ulemu kuposa onse ndi amene timayezera zitsulo zosungunuka m'madzi ndi m'dothi, monga ayironi, manganese, zinc ndi mtovu. Dzina lake ndi atomic absorption spectrometer, koma tonse timangoti AAS. Amakoka sampulo kudzera m'kapayipi kakang'ono n'kuipopera m'lawi la moto wa gasi wa acetylene wosakaniza ndi mpweya, ndipo lawi limenelo limatentha madigiri pafupifupi 2,300. Lawilo likayaka bwino limakhala lopyapyala, labuluu, lodekha, ndipo munthu wosadziwa sangaganize kuti kumbuyo kwa khoma kuli silinda imene ikhoza kugwetsa nyumba yonse.

Acetylene ndi gasi wosakhazikika. Akapanikizidwa yekha akhoza kuphulika popanda ngakhale mpweya wothandiza moto kuyaka, n'chifukwa chake m'silinda mwake muli chinthu chokhala ndi timabowo ngati siponji, chonyowetsedwa ndi mankhwala amadzi otchedwa acetone, ndipo gasiyo amakhala atasungunuka mu acetone ameneyo. Pamenepa m'pamene pachokera malamulo onse a silinda imeneyi. Iyenera kuima chilili nthawi zonse, yomangidwa ndi tcheni kukhoma. Masilinda athu amachokera kutali, amayenda mtunda wautali pa msewu wa M1 kudutsa ku Jenda ndi ku Chikangawa, ndipo ngati inafika itagonekedwa m'galimoto iyenera kuimikidwa kwa maola angapo isanalumikizidwe, kuti acetone abwerere pansi. Mapayipi ake asakhale a kopa, chifukwa acetylene akakumana ndi kopa amapanga kanthu kamene kamaphulika kakangogundidwa. Mphamvu ya gasi m'payipi isapitirire mlingo umene buku la makinawo lanena. Pofufuza ngati gasi akutuluka polumikizira timagwiritsa ntchito madzi a sopo n'kuona ngati pakutuluka thovu, ndipo ndimanena zimenezi mobwerezabwereza chifukwa chizolowezi choyesera ndi machesi chilipo pakati pa anthu ena amene anazolowera masilinda a kukhitchini kapena a kowotcherera zitsulo.

Pali yesero limodzi limene aliyense wogwira ntchito kutali ndi kogula gasi amalidziwa. Mabuku a makina amenewa amalamula kuti silinda isinthidwe mphamvu yake ikatsika kufika pa 600 kapena 700 kPa pa geji yake, chifukwa ikatsika kuposa pamenepo acetone amayamba kutuluka limodzi ndi gasi, n'kuwononga mapayipi ndi ma valve a m'kati mwa makina. Tsono geji ikafika pamenepo, silinda ina isanabwere, masampulo ali mbwee pa tebulo ndipo eni ake akuimba foni, mtima umanena kuti tiyeni tingomaliza lero lokha. Ine ndinaphunzira kukana, ndipo ndimakana ngakhale pamene wondikakamizayo ndi wamkulu kwa ine. Acetone akalowa m'lawi zotsatira zimasokonekeranso, choncho munthu amakhala ataika moyo wake pachiswe pofuna manambala amene ndi olakwika kale. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chitetezo cha munthu ndi kulondola kwa zotsatira zimayendera limodzi, ndipo makina amene akuyendetsedwa mosasamala amanama asanavulaze.

Pansi pa makinawa pali kapayipi kotulutsira madzi otsala, ndipo kali ndi kamalo kokhota kamene kayenera kukhala ndi madzi nthawi zonse. Timadzi timeneti ndi timene timatseka njira kuti gasi wosakanizika asathawire pansi. Makina akakhala masabata angapo osagwira ntchito timadzito timauma, ndipo ukayatsa chomwecho lawi likhoza kubwerera m'kati n'kuphulitsa chipinda chosakanizira gasi. Makina atsopano amakana kuyaka akaona kuti madziwo palibe, koma si onse ali ndi nzeru imeneyi, ndipo ndinamvapo anthu akufunsa njira yopusitsira kachipangizo koteteza kameneka kuti ntchito ipitirire. Kachipangizo koteteza kakakana, kakukuuza zoona. Pomaliza ntchito timakoka madzi oyera kwa mphindi zingapo kutsuka njira, timatseka silinda, timalola gasi wotsala m'payipi kuti athe, ndipo chotulutsa utsi chapamwamba chimazimitsidwa pomalizira penipeni. Chitsulo chimene pamayaka lawi chimakhalabe chotentha nthawi yaitali moto utazima, ngakhale kuti pochiyang'ana chimaoneka chozizira.

Si gasi aliyense amene amachenjeza. Acetylene wa m'silinda ali ndi kafungo konga ka adyo, koma magasi ena a mu labotale, monga nitrogen ndi argon, alibe fungo lililonse, ndipo akatuluka m'kachipinda kotseka amathamangitsa mpweya umene timapuma mpaka munthu kukomoka asanadziwe kuti chavuta n'chiyani. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo m'kachipinda kosungira masilinda mawu amenewa ndi oona monga momwe akumvekera. Kachipinda kotero kamafunika mpweya wodutsa, ndipo sikoyenera kusungiramo makatoni ndi matsache chifukwa choti kuli malo.

Tsiku limene linandisintha kwambiri linali la kuzima kwa magetsi. Dothi lisanalowe mu AAS timayamba taliphika mu asidi wa nitric pa mbaula yamagetsi, m'kati mwa kabati yokoka utsi imene timaitcha fume hood. Madzulo ena, cha m'ma 4 koloko, mabotolo asanu ndi limodzi ali pa moto, magetsi anazima. Chokoka utsi chinaima nthawi yomweyo, koma mbaula siizizira nthawi yomweyo, ndipo asidi anapitiriza kutulutsa utsi wake wofiirira, umene unayamba kudzaza m'kabati muja n'kutulukira pansi pa galasi. Ndinatsitsa galasi mpaka pansi, ndinazimitsa mbaula pa soketi, ndinatsegula mawindo, ndipo ndinauza onse kuti atuluke. Tili panja, ndinaona amayi amene amatikonzera m'chipindamo akulowera khomo la kumbuyo atanyamula ndowa ndi mopu, chifukwa imeneyo inali nthawi yawo ya masiku onse ndipo panalibe amene anawauza kanthu. Ndinathamanga n'kuwagwira pa mkono ali pakhomo. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Nanga si magetsi angozima, bambo? Ine ndimakolopa ngakhale mumdima."

Utsi wofiirirawo ndi nitrogen dioxide, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti munthu akhoza kuupuma, kutsokomola pang'ono, kumva ngati zatha, koma patapita maola angapo m'mapapo n'kuyamba kudzaza madzi ali kunyumba usiku. Aliyense amene waupuma ayenera kukaonedwa kuchipatala ndi kufotokoza chimene wapuma, ngakhale akudzimva bwino. Amayi aja akanalowa, akanakolopa pafupi ndi kabati ija kwa mphindi khumi, akanakwera kabaza kupita kwawo, ndipo chifuwa chikanawagwira usiku palibe amene akanaganiza za labotale.

Kuchokera tsiku limenelo tinagwirizana zinthu zingapo. Sitiyamba kuphika ndi asidi ngati palibe munthu woti akhale pafupi mpaka mapeto, ndipo sitiyamba madzulo. Magetsi akazima, ntchito yoyamba ndi kuzimitsa pa soketi chilichonse chimene chimatentha kapena kuzungulira, chifukwa magetsi akabwera usiku, kapena jenereta ikalira, mbaula yosiyidwa choyatsa imayambanso kutentha m'chipinda mopanda munthu. Ng'anjo imene timawotcheramo zakudya pa madigiri 550 pofuna kuyeza phulusa imakhala yotentha kwa maola ambiri ngakhale nyali yake itazima, choncho timapachikapo chikwangwani. Ndipo pakhomo lililonse, la kutsogolo ndi la kumbuyo lomwe, pali chikwangwani chofiira chimene timatembenuza pakakhala vuto.

Pa za magetsi ndiwonjezere chimodzi chimene ndimachiona m'malo ambiri. Magetsi athu ndi a mavoti 230 ndipo masoketi athu ndi a mabowo atatu, koma makina ambiri a mu labotale amabwera kuchokera kumaiko ena ndi mapulagi a mano awiri, ndipo ena a ku America amafuna mavoti 110 mpaka 120. Anthu amatenga chotsekera cholembera n'kukankha bowo lapamwamba kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Makinawo amayaka ndithu, koma waya wopita pansi, umene ukanapulumutsa munthu magetsi akalowa m'chitsulo chakunja, umakhala wosalumikizidwa. M'chipinda chimene pansi pamanyowa, m'tauni ya chinyezi ngati yathuyi, chimenechi si chinthu chochepa. Pulagi yoyenera siidula poyerekeza ndi mtengo wa makinawo. Komanso makina akawonongeka tisamathamangire kutsegula kumbuyo kwake, chifukwa zipangizo zina za m'kati zimasunga mphamvu ya magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo nyali za m'makina oyezera kuwala zimatulutsa kuwala kwa ultraviolet kumene kumapweteka maso munthu osakuona.

Za zovala ndinena mwachidule, chifukwa aliyense amadziwa za jasi loyera, nsapato zotseka ndi magalasi oteteza maso, ngakhale kuti magalasiwo kawirikawiri amakhala pamphumi m'malo mwa pamaso. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti magolovesi sali ofanana. Mu 1996 Karen Wetterhahn, katswiri wa zitsulo zapoizoni pa Dartmouth College ku America, anadonthezera timadontho tochepa ta mankhwala apoizoni otchedwa dimethylmercury pa golovesi lake la latex pokonzekera kuyeza ndi makina. Anali atatsatira malamulo amene ankadziwika panthawiyo, koma mankhwalawo anadutsa golovesi m'masekondi ochepa, zizindikiro zinaoneka patapita miyezi, ndipo anamwalira mu 1997. Ife sitigwira mankhwala oopsa choncho, koma phunziro lake limatikhudza: munthu ayenera kuwerenga pepala la chitetezo la mankhwala aliwonse kuti adziwe golovesi loyenera, ndipo golovesi likadonthedwa livulidwe nthawi yomweyo. Chimenenso chimandipweteka mtima ndi kuona munthu akuyankha foni atavala magolovesi, kenako foni yomweyo n'kukaigwira akudya chipisi masana, madzulo n'kuipereka kwa mwana kunyumba kuti aziseweretsa.

Asidi amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, madzi sathiridwa mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumabuka kumawiritsa timadzi tochepato n'kuthovukira kumaso. Mankhwala akalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, chikope chitatsegulidwa ndi zala. Lamulo limeneli limaganiza kuti pa mpopi pali madzi, ndipo tonse tikudziwa kuti pali masiku amene umatsegula mpopi n'kumva mpweya wokha. Choncho m'mawa uliwonse, ndisanakhudze botolo lililonse, ndimatsegula mpopi wotsukira maso, ndipo pambali pake timasunga chigubu cha madzi oyera amene timasintha kawirikawiri. Tsiku limene madzi palibe konse, ntchito ya asidi imadikira.

Ndibwerere kwa amayi aja, chifukwa nkhani yawo sinathere pakhomo paja. M'mawa mwake ndinakhala nawo pansi, ndipo ndinachita manyazi kuzindikira kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'chipinda chathu palibe amene anawafotokozera tanthauzo la zizindikiro za pa mabotolo, zija zokhala m'kabokosi ka mzere wofiira koimirira pa ngodya: chigaza ndi mafupa, lawi la moto, ndi madontho akudya dzanja ndi chitsulo. Mapepala onse a chitetezo ali m'Chingerezi, pamene iwo amalankhula Chitumbuka ndi Chichewa. Komatu iwo ndi amene amatola magalasi osweka, amakhuthula mabini, amapukuta pansi pa makina, ndipo amalowa m'chipindamo nthawi imene ife tatuluka. Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woteteza ogwira ntchito awo, kuwadziwitsa zoopsa za pa ntchito ndi kuwaphunzitsa, ndipo silinena kuti udindowo ndi wa kwa okhawo amene ali ndi madipuloma.

Tinayenda nawo chipinda chonse, tebulo ndi tebulo. Ndinawasonyeza bokosi la magalasi osweka ndi chifukwa chake sayenera kulowa m'bini ya mapepala, ndinawasonyeza mabotolo amene sayenera kuwasuntha, ndipo ndinawauza kuti madzi alionse otayika pansi pafupi ndi makina asawakolope asanafunse, ngakhale akuoneka ngati madzi wamba. Iwonso anandiphunzitsa. Anandisonyeza mabotolo atatu opanda chizindikiro chilichonse amene anakhala pansi pa sinki kwa nthawi yaitali, amene iwo ankawasuntha tsiku lililonse pokolopa n'kuwabwezera pamalo pake. Anandiuzanso kuti ophunzira ena amakhuthulira zotsala za AAS mu sinki ife tikachoka. Zotsala zimenezo zimakhala ndi asidi ndi zitsulo monga mtovu, ndipo madzi a mu sinki sathera mu sinki. Amalowa m'dzenje, amalowa m'nthaka, ndipo mzinda wathu uli ndi madambo ambiri kumene anthu amalima masamba ndi kukumba zitsime zosaya. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti labotale imene imayeza mtovu m'madzi a anthu ikhale yomweyo yothira mtovu m'madzimo. Tsopano zotsala zonse zimasonkhanitsidwa m'zigubu zolembedwa bwino, ndipo botolo lililonse lopanda dzina, tsiku ndi dzina la mwini wake silikhala pa tebulo mpaka mawa.

Ophunzira akabwera, tsiku loyamba sakhudza makina alionse. Ena amanyinyirika chifukwa amafuna kuyamba msanga, koma ndimawayendetsa kaye kuti aone pamene pali chozimira moto, pozimitsira magetsi a chipinda chonse, potsekera gasi, ndi makomo onse awiri. Ndimawauza kuti funso lililonse ndi lololedwa, popeza safunsa anadya phula, ndipo ndimayesetsa kuti nkhope yanga isawaopseze pamene afunsa chinthu chimene ndinafotokoza kale dzulo. Wophunzira amene amaopa kukalipiridwa amabisa kachubu kosweka, amapukuta asidi ndi kansalu mwakachetechete, ndipo wotsatira wake ndi amene amavulala. Pa chifukwa chimenechi tili ndi kope limene timalembamo chilichonse chimene chinangotsala pang'ono kuchitika, popanda kulangana, ndipo tsamba loyamba la kopelo lili ndi nkhani ya centrifuge ija, yolembedwa ndi dzanja langa, ndi mawu akuti woyang'anira sanafotokoze za kuyeza timachubu.

Mtsikana uja anamaliza maphunziro ake ndipo anapita. Sabata yake yomaliza kunabwera mnyamata watsopano, ndipo ndili pa sinki ndinamuona akumutengera pa sikelo, akumupatsa timachubu tiwiri kuti ayeze, kenako akudontheza madzi m'kamodzi mpaka manambala atafanana. Mnyamatayo atafuna kutsegula chivindikiro makina akulirabe chapansipansi, iye anaika dzanja lake pamwamba pa chivindikirocho n'kunena kuti, "Achimwene, dikirani kaye aime." Anadikira onse awiri, ndipo makina ataima anatsegula.